Mmene Ndinamwera Thanga la Boti la Adada

"Penshoniyo unaikhetsera thukuta ndiwe? Unkadzuka ndiwe m'chisanu cha Juni kupita ku ntchito?" anandifunsa adada.

"Ayi, koma sukulu ndi yanga," ndinatero ine.

"Ndiye upange penshoni yako, ukalipire."

Amama anali ataima pakhomo la kukhitchini, manja m'chiuno. "A dada ake Vitu, anzanu akapuma pa ntchito amagula minibasi. Ena amamanga timanyumba ta renti ku Luwinga. Inu mwagula boti. Tikukhala ku Mzuzu, pamwamba pa phiri. Ndinu Nowa?"

"Nowa naye anthu ankamuseka chomwechi."

"Nowa anali ndi Mulungu. Inu muli ndi a Madilu."

Monire mose. Yewo. Ndine Vitumbiko, a ku Chibanja amangoti Vitu. A Tcheya a gulu lathu la achinyamata lino andipatsa mphindi khumi, koma a Tcheya mundikhululukire, kugwa kwanga kokha n'kwa maola atatu. Ndikudziwa ambiri muno botolo linakugwetsaniponso, ena likukugwetsanibe, ndikumva fungo kuchokera kumbuyoko. Ndiye mvetserani.

Mkangano mwaumvawo unachitika sabata yomwe zotsatira za Fomu Folo zinatuluka. Ndinakhoza. Osati kukhoza kotchulidwa pa wailesi ayi, koma kokwanira kulowa kosi ya zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja. Ndinali nditadziona kale ndili pamwamba pa pholo, Mzuzu yense ali pansi akundipempha kuti ndimuyatsire.

Adada anagwira ntchito yosunga katundu mu stolo ya ofesi ina zaka pafupifupi handiredi. Kachipinda kopanda windo, fungo la makatoni. Akatumidwa ku Nkhata Bay ankaima n'kumayang'ana maboti aja oyenda ndi nsalu, opanda phokoso la injini. Ankati tsiku lina adzakwera lawo, apite ku Usisya, ku Likoma, ku Chizumulu, azigona pomwe mphepo yatopera, popanda bwana wowafunsa makiyi. Ife tinkayesa ndi nthabwala za madala.

A Madilu sanayese nthabwala. Dzina lawo lenileni sindilitchula m'nyumba ya Mulungu. Ndi bambo wina wa ku Katoto, wovala suti ngakhale popita ku chigayo, amene amagulitsa chilichonse chomwe si chake. Ndalama ya penshoni itangolowa ku banki, iwo anaimva fungo ali kwawo. Tsiku lomwelo anali pa sofa yathu.

"Bosi, pali mzungu akubwerera kwawo, akusiya boti. Minibasi imafuna mafuta, mizere ya pa filing'i siteshoni mwaiona nokha. Nyumba za renti, ana a sukulu amathawa usalipidwe. Koma boti ili limayenda ndi mphepo. Mphepo ndi yaulere, bosi."

Mawu amenewo anadya penshoni kuposa theka. Sukulu yanga inali m'kati mwa theka limenelo.

Zomwe a Madilu sananene n'zakuti boti limadya ngakhale litagona. Pomwe laima, ulipire. Mlonda, ulipire. Penti, majekete oti usamire, chiphaso cha a zamaboti, thiransipoti yotsikira kunyanja ndi kukwera. Chingwe chimodzi chokha mtengo wake mbuzi ziwiri ndi kamwana kake. Ulendo woyamba, mphepo yaulere ija inawazunguza adada mpaka anasanza tiyi wa pa ukwati wawo. Koma anabwera kunyumba akumwetulira ngati mwana, nkhope itapsa ndi dzuwa. Ine kumwetulira kumeneko kunandipweteka kuposa mbama.

Anzanga analowa makoleji. Ine ndinalowa ku Mzilawaingwe, kuseri kwa mpanda wa udzu, kwa amayi ena ophika kachasu. Ndinayamba ndi kotala, ndikuti n'kuchotse chisanu. Kenako hafu. Kenako ndinasiya kuwerenga. Ndinagulitsa foni, nsapato za mpira, ngakhale kalkuleta yomwe inandikhozetsa masamu. Ndinkatukwana agalu, mapholo a magetsi, ndi aeluda a tchalitchi chino, pepani a Mhone, ndakuonani. Tsiku lina ndinadzuka masana mu ngalande, nkhuku ikundijompha batani la shati. Amene ankanditola anali Wongani, mnzanga wa ku pulaimale, amene amapalasa sakaramento, njinga yonyamula anthu ija. Ankandimanga ndi lekeni pa kariyala ngati thumba la makala, n'kukandisiya pa geti.

Ndikamwa ndinkangoona chinthu chimodzi: boti lija. Ndinkafuna lipse, limire, ng'ona ilidye. Koma linali kutali, ine ndalama ya minibasi ndinalibe.

Ndiye boti linabwera lokha kwa ine. Nyengo ya mwera itafika, nyanja itakalipa, adada anachotsa nsalu ija, iwo amati thanga, n'kubwera nalo ku Chibanja kuti lisaole kapena kubedwa. Linali m'chikwama chachikulu chabuluu, pamwamba pa wadirobu. Loyera, lolimba, mzere wofiira pakati. Dzuwa likatuluka, ndipo mukudziwa kuno limatuluka ngati mlendo wofulumira, ankaliyanika. Linkaphimba mpanda wathu, wa aneba, ndi theka la Chibanja.

Masiku amenewo ndi pomwe ndinapeza mnzanga watsopano ku kachasu kuja. Suti, nsapato zopukuta, atakhala pa benchi ya ife amphawi.

"Mwana wa bosi, imwa, ndilipira ine," anatero a Madilu. "Adada ako akudyera tsogolo, ukudziwa? Ine zimandiwawa chomene." Anandigulira hafu ina. "Koma nsalu ija ndi nsalu. Mvula siilowa. Amayi a mu msika ataiona akhoza kuphana."

Sananene kuti kabe. Munthu uja sanena kanthu kamene ungakabwereze ku polisi.

Lamulungu lina makolo ali ku tchalitchi, ndinatenga sizasi ya amama. Anzanga, ndisakunamizeni kuti ndinali woledzera. Ndinali bwinobwino, ndipo ndinkamva kukoma. Ndikadula ndinkati iyi ndi telemu yoyamba. Ndikadulanso, iyi ndi ovolosi yanga. Iyi ndi pulayazi. Sizasi inabuntha, ndinapitiriza ndi mpeni wa nyama. M'chikwama muja ndinakomamo maneti akale a udzudzu ndi masaka, n'kuchibwezera pa wadirobu chitafufuma ngati kale.

Pofika Lachitatu, thanga la adada linali mu Mzuzu yense. Amayi a tomato anapanga denga. Wa chiwaya cha tchipisi anatchinga mphepo. Wometa wa pa Luwinga pano anapanga katani. Wina anaphimbira makala. Wongani ndinamupatsa kachidutswa kokutira khushoni ya njinga, ngati malipiro a maulendo onse aja, ndipo anathokoza osadziwa kuti wakhalira chiyani. Ndalama zonse ndinamwa. Ndinagulira mowa anthu osawadziwa, ena anayamba kunditchula bwana. Ndikadutsa mu msika n'kuona mzere wofiira uja ukuwomba pamwamba pa tomato, ndinkati eya, yendani adada, Likoma ndi imeneyo.

Apa a Tcheya musayang'ane wotchi, chifukwa ndi pomwe pali nkhani.

Loweruka lina m'mawa amama anandigwedeza. Mutu unkalira ngati chigayo. "Dzuka, usambe kumaso, kuli mlendo." Pabalaza panali mayi wina wonenepa bwino, makiyi a galimoto m'manja, a NyaManda, mwini loji ina ku Chintheche. Adada anali atavala tayi yawo ya ku ntchito, yomwe sanaivalepo chipumireni.

"Boti mwaliona kale kunyanja, amama," anatero adada. "Mwatsala n'kuona thanga. Vitu, tenga chikwama chija."

Ndinapita kuchipinda. Ndinayang'ana windo, koma lili ndi mabagila. Ndinapemphera pemphero langa loyamba chaka chimenecho, kuti Ambuye amene munasandutsa madzi kukhala vinyo, maneti awa ndi nkhani yaing'ono. Ndinachinyamula. Chinali chopepuka ngati mutu wanga.

Adada anagwada pa simenti, n'kumasula chingwe pang'onopang'ono, akufotokoza kuti nsalu yake ndi ya kunja, sinang'ambikepo. Analowetsa dzanja. Linatuluka ndi neti yobiriwira yobooka. Anaiyika pambali. Analowetsanso. Saka la feteleza. Neti ina. Sanasiye, anapitiriza mpaka pansi pa chikwama, ngati mwina thanga lachepa lagwera pakona.

A NyaManda anakhosomola. "Adada, boti lopanda thanga ndi bafa. Latsopano mpaka muitanitse kunja, ndi madola omwe ngakhale ku banki kulibe. Pepani chomene." Anatsanzika, galimoto inalira, inapita.

Ndinadikira lamba. Ndinkaufuna, ndikanapepukidwa. Koma adada anayamba kupinda maneti aja imodziimodzi, bwinobwino, mmene ankapindira katundu wa ku stolo.

"Ndinapita ku koleji kuja," anatero osandiyang'ana. "Anati a Januwale akulembabe. Ndinaona mmene ukubwerera pa njinga ya mnzako, ndinati basi, ndayendako pang'ono pamadzi, zakwana. Ndigulitse, mwana aphunzire." Anavula tayi. "Mwana wane, wamwa sukulu yako wekha."

Amama anangolowa kukhitchini. Amama kuchoka osakalipa, dziwani kuti dziko latha.

Tisanadye n'komwe cha masana, pa geti panamveka odi. Suti.

"Bosi, ndamva za tsoka," anatero a Madilu, chipewa pachifuwa ngati abwera pa maliro. "Ana a masiku ano. Koma musadandaule, chibotecho chisamakudyereni ndalama pachabe. Ine ndikhoza kukuchotserani mtolo." Anatchula mtengo. Anzanga, mtengo wa fuliji yakale yopanda chitseko.

Ine ndinali kuseri kwa katani. Ndinadzifunsa kuti amva kwa ndani? A NyaManda sawadziwa. Amama sanatuluke. Maneti anali akadali pa simenti. Pamenepo m'mutu munayaka magetsi, popanda kosi. Munthu uyu anadya pogulitsa boti kwa adada, tsopano akufuna alitenge ulere, asoketse nsalu, akaligulitsenso kwa madala ena a penshoni. Mpeni wake unali ine. Anandigula ndi mahafu a kachasu.

Adada anali atatopa. Anangoti, "Bwerani Disembala, tidzamalize."

A Tcheya anandipempha kuti pofika apa ndinene kuti ndinamva liwu lofatsa mumtima. Pepani, tili mu tchalitchi, sindinama. Ndinamva ukali. Ndinalumbira kuti bambo ameneyu boti lija sadzalikhudza ngakhale ndi chala cha kuphazi. Ndipo ndinaona kuti botolo lililonse lomwe ndingamwe, ndikumugwirira ganyu iyeyo. Mowa ndinausiya chifukwa cha nkhanza, osati chiyero. Chiyero chikubwera pambuyo, chikuyenda pansi.

Musaganize kuti zinali zophweka. Ndinasintha njira, Mzilawaingwe ndinkaizungulira ngati kuli mkango. Ndinauza Wongani zonse. Anandiyang'ana, anatsika pa njinga, anamasula khushoni yake pamsewu pomwepo n'kundiponyera kachidutswa kaja kumaso.

"Chitsiru iwe. Miyezi yonseyi ndakhala ndikukhalitsa anthu pa sukulu yako?"

Chimenecho chinali chidutswa choyamba kubwerera. Anandipatsanso njinga kuti ndizipalasa m'mawa iye akupuma, ndalama azisunga iye, chifukwa ine ndi ndalama m'thumba tinali tisanayanjane. Mapiri a Mzuzu mumawadziwa mukakhala pa minibasi. Yesani kukwera nawo mutanyamula mayi ndi thumba la mbatata. Kachasu yense anatuluka m'thukuta, udzu wa m'mbali mwa msewu unauma.

Kenako ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo, kutsata mzere wofiira. Kugulitsa kunanditengera masiku atatu, kuwombola kunanditengera moyo wonse. Mayi wa tomato, a NyaJere, anandiseka msika wonse ukumva.

"Iwe si uja unkati adada ako ali ndi fakitale ya nsalu? Ndinagula ndi ndalama zanga. Ubweretse pepala la pulasitiki lolimba, undimangire wekha, ndipo uzinditsitsira mabasiketi mpaka ndikhululuke."

Anakhululuka mochedwa, mayi aja. Wometa anandisesetsa tsitsi la Luwinga yense. Wa tchipisi anandibwezera chake chitapsa pakona, chikununkha mafuta. Chidutswa china chinapita ku Karonga pa lole, mpaka lero chikuyenda kuposa adada.

Nditaunjika zomwe ndinapeza, ndinapita nazo kwa adada. Sindinalankhule za Chingerezi, ndinangogwada n'kuyala. Anaziyang'ana. Kenako anatenga choko, n'kuyamba kuzilumikiza pabwalo, ichi apa, icho apo, chifukwa thanga lawo ankalidziwa ngati nkhope ya mkazi wawo. Pomwe panasowa tinagula lona wobiriwira wa malole, n'kupita nazo zonse kwa telala wosoka matenti. Chomwe chinatuluka, anzanga, ndi mbendera ya dziko lomwe silinapezeke. Choyera, chofiira, chobiriwira, ndi banga la tchipisi pamwamba.

Amama ndi amene anamaliza nkhani. Anatikhazika pansi tonse awiri, khadi la ku banki lili m'manja mwawo.

"Kandalama kamene kamabwera pa mwezi ndi ka nyumba ino ndi mankhwala anu a BP. Kotsala ku banki kaja ndi ka ukalamba, sikapita kunyanja ngakhale kukasamba. Boti likafuna penti, lidzigulire lokha. Likalephera, ligulitsidwe, koma osati kwa wa suti uja. Mwamva, a Nowa?"

"Ndamva, nyina Vitu."

Tinaimbira a NyaManda. Atafika kunyanja n'kuona thanga lija anaseka mpaka anakhala pansi. Koma litakwezedwa linagwira mphepo, boti linayenda, msoko sunatseguke. Anati lonse sagula, nsalu yotereyi sangalipire mtengo wakale. Anagula theka. Loweruka ndi Lamulungu boti limanyamula alendo a ku loji, ndipo akuti amalimbirana kujambulitsa ndi zigamba zija. Pomwe limaima salipiritsa, penti amagawana. M'kati mwa sabata ndi la adada. Ku Likoma sanafikebe, mwina sadzafika, koma ku Usisya agonako. Amati theka la boti loyenda liposa boti lathunthu lokudya uli maso. Ndalama ya theka lija yalipira chaka changa choyamba. Chachiwiri ndidzathandiza ndekha, ndi miyendo iyi.

Inu amene makolo anu atsala pang'ono kupuma, khalani nawo pansi ndalama isanalowe, chifukwa ikalowa a Madilu amafika msanga kuposa inu. Musawaseke maloto awo, munthu wakhala m'chipinda chopanda windo ali ndi ufulu wofuna mphepo. Ingowafunsani kuti chinthu mukufunachi chimadya chiyani chikagona, ndipo mankhwala mudzagula ndi chiyani. Ndipo mukakwiya, musakwiyire mu botolo. Amene akukugulirani mowa muli lova, mufunseni kuti akugula chiyani. Ine mpaka lero ndikamva fungo lija kukhosi kumayabwa. Ndimangokumbukira suti ija, n'kumwa madzi.

Za kukhululuka, a Tcheya, tikambirana chaka cha mawa. Chifukwa Disembala a Madilu anabweradi, envelopu m'thumba. Adada anali kunyanja. Ndinawalandira ine, shati yosita, maso oyera.

"Ankolo, yewo chomene, lowani. Adada akuti yambani mwatenga katundu wa m'boti, za ndalama mudzakambirana mawa."

Katundu asanalipire? Maso awo anawala ngati a galimoto. Ndinawatulutsira chikwama chabuluu chija, chitafufuma bwino, nditawonjezamo njerwa zinayi kuti chilemere ngati zitsulo. Ndinawaitanira Wongani. Wongani anawatchaja mtengo wa katundu wolemera mpaka ku Katoto, analipiriratu. Akuti a Madilu anakachitsegula pamaso pa madala ena amene ankafuna kuwagulitsa boti lomwelo. Maneti, masaka, njerwa. Madala aja anatenga chipewa chawo n'kumapita. Penshoni imodzi inapulumuka tsiku limenelo, ndipo a Madilu akandiona mu tauni amawoloka msewu osayang'ana galimoto.

Dzulo ndinaika chithunzi pa Fesibuku, pa foni ya amama. Ine ndi adada pa boti, zigamba zili phaa pamwamba pathu. Ndinalemba kuti: "Kwa uja ankafuna boti pa mtengo wa fuliji, tikudutsa, tibayibitseni. Kaputeni Vitu, nyanja yonse ikundidziwa, Lolemba koleji nayo indidziwa."

Wongani anayankha, ndikuwerengereni mmene analembera:

"Kaputeni wa chiyani iwe, chithunzicho wachidula dala kuti ndowa yomwe umasanziramo isaoneke. Lolemba ndikupeza pa geti m'mamawa, ukhale utasamba, ndikakusiya pakhomo la kalasi penipeni. Ukhale pa kariyala wekha, lekeni ndinataya. Ndipo ukonzeretu ya thiransipoti, aise. Mphepo ndiye yaulere, miyendo yanga ayi."